Zingwe za netiweki sizikalamba zokha

Pa ntchito zonse zimene ndimagwira, imene eni makampani amavutika kwambiri kuimvetsa ndi yoyendera zingwe za netiweki kamodzi pa chaka. Batire la UPS, makina osungira magetsi, amagula osadandaula, chifukwa anaimva UPS ikulira magetsi atazima. Swichi yatsopano, bokosi limene zingwe za netiweki zimakumanamo, amaiona ikuphethira tinyali take. Koma chingwe? Amandifunsa kuti, "Amisiri, chingwetu chili m'khoma. Sichiyenda, sichizungulira, mulibe chimene chimakhulana mkati mwake. Chingawonongeke ndi chiyani?" Funsoli sindilinyoza, chifukwa theka lake ndi loona. Chingwe chamkuwa choikidwa bwino n'kusiyidwa osachigwiragwira chimakhalitsa kwambiri, moti makampani akuluakulu opanga zingwe amapereka chitsimikizo cha zaka 20 kapena 25 pa ntchito yogwiridwa ndi amisiri awo ovomerezeka. Koma mu ofesi yomwe muli anthu, palibe chingwe chimene chimatha chaka osagwidwa.

Tangoganizani zimene zimachitika m'miyezi 12. A zamagetsi akwera m'siling'i kukawonjezera nyali, ndipo aponda paliponse pamene phazi lakwana. Oika makina oziziritsa mpweya aboola khoma, paipi yawo yotaya madzi aidutsitsa pamwamba pa mtolo wa zingwe. Openta adutsa, soketi yapakhoma yamwa penti. Madesiki a anthu owerengera ndalama asamukira mbali ina ya chipinda, chingwe chaperewera, wina wabwera ndi kachilumikizo kochokera kunyumba kwake. Mwa onsewa palibe amene anali ndi mtima woipa, ndiponso palibe amene analemba chilichonse penapake. Ntchito yanga ya pachaka ndi kutsata mapazi a anthu amenewa, kenako kuonetsetsa kuti zimene zili papepala zikugwirizana ndi zimene zili m'khoma.

Sindiyamba ndi makwerero. Ndimayamba ndakhala pansi, laputopu ili pamiyendo, ndikuwerenga zimene swichi yasunga. Swichi yolola kuti munthu aione mkati kudzera pa kompyuta imalemba za port iliyonse, kutanthauza bowo lililonse lolowetsamo chingwe: ikuthamanga pa liwiro lanji, yaduka n'kulumikizikanso kangati, ndi mapaketi angati a data amene afika atawonongeka. Owonongekawa amalembedwa kuti CRC errors. Pa chingwe chabwino nambala imeneyi imakhala 0 kapena pafupi pomwepo. Nambala yaikulu payokha siindiopsa, chifukwa ikhoza kukhala ya vuto limene linatha kalekale. Ndimaifufuta n'kubwerako patapita maola angapo. Imene yayambanso kukwera ndiyo imalowa m'kope langa.

Chinthu chachiwiri chimene ndimaona pamenepo ndi liwiro, ndipo apa mpamene pamabisala vuto limene limadyetsa anthu ndalama pachabe. Mukasenda chingwe cha netiweki mupeza timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, mapeyala anayi: yalalanje, yobiriwira, yabuluu ndi yabulawuni. Ethernet, netiweki yodzera m'zingwe zimenezi, ikakhala ya liwiro la 100 Mbps imagwiritsa ntchito mapeyala awiri okha, a pa mapini 1, 2, 3 ndi 6. Ya 1000 Mbps, yomwe malamulo ake a IEEE 802.3ab anatuluka mu 1999, imafuna onse anayi. Tsono kawaya kamodzi ka peyala yabuluu kapena yabulawuni kakaduka, zipangizo zambiri sizizimiratu. Zimangomvana mwakachetechete n'kutsika kuchoka pa 1000 kufika pa 100. Kanyali kakuyakabe, imelo ikubwerabe, ndiye mwini kompyuta sanena kuti netiweki yafa. Amangoti makina ake akalamba.

Ndinazipeza zoterezi pa desiki ya amayi ena amene ankatumiza mafayilo akuluakulu a mapulani a nyumba ku seva, kompyuta yosungira mafayilo a ofesi yonse. Abwana awo anali atavomera kale kuwagulira kompyuta ina. Swichi inkaonetsa 100 pa port yawo, pamene anzawo onse anali pa 1000. Nditamasula soketi yapakhoma ndinapeza kawaya koyera kamzere wabulawuni katavuuka m'kampata kake, kakungolendewera, mkuwa ukuonekera kunsonga. Mwendo wa desiki unkagunda pulagi nthawi iliyonse okolopa akaikankha, mpaka soketi yonse inayamba kugwedera. Ndinadula nsongayo, n'kukhomereranso timawaya tonse 8, port n'kukwera pa 1000. "Ndiye basi, achimwene?" anafunsa amayiwo. Ndinati basi, mayi, koma tiisendeze desikiyi pang'ono kuti mwendo usamafikenso pakhoma.

Ndikatha ndi manambala ndimatsegula kabati yosungiramo maswichi. Chaka choyamba imakhala yooneka bwino, chingwe chilichonse m'njira yake. Pofika chaka chachitatu, ngati palibe woiyang'anira, imafanana ndi chisa cha mbalame. Zoyamba kufa ndi tizingwe tifupitifupi tolumikiza swichi ndi patch panel, bolodi limene zingwe za m'khoma zimatherapo, popeza n'timene timazulidwazulidwa. Kakhutu kapulasitiki kogwira pulagi kakathyoka, pulagiyo imangotsamira m'bowo, ndipo munthu akatseka chitseko cha kabati mwamphamvu chipinda chathunthu chimataya netiweki kwa kanthawi. Chingwe chothyoka khutu sindichinyengerera ndi tepi. Ndimachidula pakati ndisanachitaye, apo ayi mawa wina achitola m'bini n'kuchibwezera pomwepo.

Kutalika nakonso ndimakuyang'ana. Malamulo a TIA-568 ndi a ISO/IEC 11801 amalola mamita 100 kuchoka pa swichi kufika pa kompyuta: 90 a chingwe cha m'khoma, 10 otsalawo a tizingwe ta mbali zonse ziwiri kuphatikiza. Tizingwe timeneti mkati mwake ndi ulusi wamkuwa wambirimbiri kuti tizipindika mosavuta, ndipo timafooketsa uthenga kuposa chingwe cha m'khoma, chomwe kawaya kake kalikonse ndi mkuwa umodzi wolimba. Ndiye mukapeza soketi yakutali kwambiri ndi kabati, yomwe chingwe chake chadya kale mamita 85, wina n'kulumikizapo chingwe cha mamita 20 chozungulira chipinda chonse, musadabwe port imeneyo ikamadukaduka.

Pali chizolowezi china chimene ndimalimbana nacho chaka chilichonse: kumanga zingwe ndi timalamba tapulasitiki n'kukoka mpaka titi nga. Zimaoneka zaudongo, koma chingwe chikuvutika. Mphamvu ya chingwe chamtunduwu ili m'kupotana kwa timawaya take, nzeru imene Alexander Graham Bell anailembetsa mu 1881 pa mawaya a telefoni. Phokoso la magetsi lochokera kunja limagwera timawaya tiwiri topotana mofanana, ndipo chipangizo cholandira, chimene chimangowerenga kusiyana kwa tiwirito, sichilimva. Peyala iliyonse amaipota mosiyana ndi inzake kuti zisamalowererane. Mukachifinya chingwe, kuchipinda mothyola, kapena kuchipondetsa ndi tayala la mpando mpaka chiphwatalale, mwasokoneza kapotedwe kameneko ngakhale palibe chimene chaduka. N'chifukwa chake lamulo limati pokhota, chingwe chisapindidwe mothina kuposa kanayi ka kunenepa kwake, ndipo pochikhomera pasoketi munthu asamasule kupotanako kupitirira mamilimita 13. Ine ndimadula timalamba tothinato n'kuikapo tansalu tomatirira ta Velcro.

Chipinda cha kabati chili ndi tsoka lake: chimakhala ndi loko, ndiye anthu amachisandutsa mosungira katundu. Ndapezamo makatoni a mapepala atatseka potulukira mpweya, zidebe za okolopa, mipando yothyoka, fumbi lili mbuu pa mafani. Bungwe la akatswiri a zotenthetsa ndi zoziziritsa mpweya la ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa m'zipangizo zoterezi uzikhala pakati pa madigiri 18 ndi 27. Mabatire a UPS amawapangira madigiri 25, ndipo moyo wawo umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 kuposa pamenepo. Apa sindichedwapo: kutulutsa katundu, kupukuta, kumva ngati fani ina ikukhweza mawu, kuona deti ya mabatire, ndi kugwedeza waya wa ethi wa kabati kuti ndione ngati ukadali womangika. Umenewu anthu amauiwala mpaka tsiku la mphenzi.

Kutentha kwayamba kufunika kuposa kale chifukwa zingwe zimenezi tsopano zimanyamulanso magetsi. Makamera, mafoni a padesiki, zotsegulira zitseko ndi zipangizo za Wi-Fi zimalandira mphamvu kudzera m'chingwe chomwecho cha netiweki, njira imene timaitcha PoE. Mu 2003 inayamba ndi mawati 15.4 pa port imodzi, mu 2009 inafika 30, ndipo kuyambira 2018 malamulo a 802.3bt amalola mpaka 90. Chingwe chimodzi chikanyamula mphamvu yotere sichitentha kwenikweni, koma zingwe zambiri zikamangidwa mtolo umodzi wothina m'siling'i motentha kale, zapakati zimasowa potayira kutentha, ndipo mkuwa ukatentha umafooketsa uthenga. Nyumba imene inaikidwa zingwe pa nthawi yoti zinkangonyamula data, lero yadzaza makamera. Mtolo umene unali bwinobwino zaka 10 zapitazo ndimaugawa pawiri kapena patatu.

Apa mpamenenso zingwe zachinyengo zimaululika. Pali zina zotsika mtengo zimene mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kamkuwa kopyapyala, zotchedwa CCA. Pakatoni amalemba Cat6, dzina la gulu lina la zingwe zovomerezeka, ngati zenizeni. Malamulo a TIA sazivomereza, ndipo pali chifukwa: aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti chabe ya mmene mkuwa umadutsitsira, ndipo amathyoka msanga akapindidwa. Kamera ya kumapeto kwa chingwe chotere imazima usiku, pamene yayatsa nyali zake zoonera mumdima n'kuyamba kufuna mphamvu yambiri, m'mawa n'kudzuka ili bwino. Kuchizindikira n'kosavuta. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakaonetsa kuyera mkati, mwagwidwa. Zoterezi kawirikawiri sizichokera kwa amene anaika zingwe poyamba. Zimabwera ndi ntchito zowonjezera za pakati pa chaka, zija amati "tingokokerako chimodzi msangamsanga."

Ena amandiuza kuti iwo anasamukira pa Wi-Fi, zingwe n'zachikale. Ndimawaloza kachipangizo koyera kali kudenga kaja n'kuwafunsa kuti kumbuyo kwake kuli chiyani. Kuli chingwe. Kale chingwe chimodzi chikavuta ankadandaula munthu mmodzi. Pano chimodzi chomwecho chanyamula anthu a chipinda chonse.

Kenako makwerero ndi tochi. M'siling'i ndi mmene ndimathera nthawi yambiri, chifukwa ndi mmene palibe wina aliyense amasuzumiramo. Ndimayang'ana zingwe zimene zagwa pa thireyi yake n'kugona pa matailosi a siling'i kapena pa nyali. Zimene zamangidwa pamodzi ndi mawaya a magetsi n'kuyenda nawo mtunda wautali. Zimene zakhudza paipi ya madzi otentha. Ndi madontho a madzi ouma pa chikopa cha chingwe. Chingwe cha mkati mwa nyumba sachipangira madzi. Chikakhalitsa m'paipi modzaza madzi chinyezi chimalowa pang'onopang'ono, ndipo mavuto ake amabwera n'kupita ndi nyengo, zimene zimazunguza mutu munthu amene sanakwereko.

Makoswe ndimayamba kuwamva fungo ndisanaone ntchito yawo. Mano awo akutsogolo amakula moyo wawo wonse, choncho amangofuna chotafuna. Pamene adya pamaoneka timizere tiwiritiwiri pa pulasitiki, tizidutswa tabuluu titamwazika pansi, nthawi zina mkuwa uli pamtunda koma usanaduke. Chingwe chotere chimagwirabe ntchito, mpaka tsiku limene chagwedezeka timawaya n'kukhudzana. Kuchikulunga tepi n'kudzinamiza. Chimafuna kukoka china, komanso kutseka kumene khoswe analowera. Ndipo polowera pake nthawi zambiri ndi bowo limene munthu anaboola pakhoma n'kulisiya pululu. Bowo limenelo silodutsa makoswe okha. Makoma ena amamangidwa kuti atchinge moto ndi utsi, ndipo poboola kuti zingwe zidutse pamayenera kumatidwa ndi zomatira zosagwira moto. Wowonjezera chingwe chimodzi amakanganula zomatirazo, kudutsitsa chingwe chake, n'kumapita. Ndikapeza zotere sindidikira lipoti la kumapeto, ndimawaitana abwana adzaone okha tsiku lomwelo.

Pansi pa madesiki pali mdani wina: tiswichi ting'onoting'ono ta ma port 5 kapena 8 timene anthu amagula okha soketi zikachepa. Vuto lalikulu limabwera tsiku limene wina waona nsonga ya chingwe ili pansi, n'kuchita chifundo kuilowetsa m'bowo lopanda kanthu, osadziwa kuti nsonga inayo ili kale mu swichi yomweyo. Uthenga umayamba kuzungulira osatha, kuchulukirachulukira, mpaka nyumba yonse zii. Radia Perlman anapeza njira yotetezera zimenezi mu 1985, yotchedwa Spanning Tree, koma tiswichi totsika mtengoti tambiri sitiidziwa, ndipo pa maswichi akuluakulu ndimapeza nthawi zina wina anaizimitsa. Kulikonse kumene ndapeza kaswichi kotere ndimalemba kuti pakufunika soketi zenizeni.

Tsono za kuyeza. Pali katesita ka tinyali 8 kamene pafupifupi mmisiri aliyense ali nako. Kamathandiza, koma kamangonena kuti kawaya 1 kafika pa 1, kawaya 2 pa 2, basi. Munthu akhoza kusokoneza mitundu mofanana mbali zonse ziwiri, n'kutenga kawaya kamodzi ka peyala iyi kukaphatikiza ndi ka peyala ina, tinyali tonse n'kuyaka motsatana bwinobwino, pamene chingwecho chataya chitetezo chonse cha kupotana kuja. Makina enieni oyezera, monga a kampani ya Fluke, amatumiza uthenga pa mafunde onse amene chingwe chiyenera kunyamula: mpaka 100 MHz pa Cat5e, 250 pa Cat6, 500 pa Cat6A. Amayeza mphamvu imene yatayika m'njira, imene yadumphira m'peyala ina, ndi imene yabwerera mmbuyo, ndipo amanena kuti vuto lili pa mita yachingati kuchoka pomwe mwaima. Akati lili pa mita 0 kapena kumapeto kwenikweni, ndi soketi. Akati pa mamita 37, pitani mukaone chimene chinachitika m'siling'i pamenepo.

Anzanga ena amayeza chingwe chilichonse chaka chilichonse. Ine sindiona phindu lake pa ofesi wamba, ndipo kuzula zinthu zimene zikugwira bwino ntchito kumabala mavuto akeake. Ndimayeza zolumikiza kabati ndi kabati kapena nsanjika ndi nsanjika, zopita ku maseva, ku Wi-Fi ndi ku makamera, zimene swichi yazikayikira, ndi zonse zimene zinakokedwa kapena kusunthidwa chichokereni ine. Zotsatira ndimazisunga, chifukwa chondiuza zambiri si mawu akuti chakhoza, koma kufananiza ndi chaka chatha. Chingwe chimene chinakhoza ndi mpata waukulu, lero chikungopulumukira pamzere, china chake chachichitikira.

Fayiba, chingwe chagalasi chonyamula uthenga ndi kuwala, ili ndi khalidwe lina. Makoswe ndi kupinda imadana nazonso, koma chimene chimaivutitsa kwambiri ndi litsiro la pansonga. Kanjira kamene kuwala kamadutsamo mu fayiba ya mtundu wotchedwa single mode ndi ka mamaikiromita pafupifupi 9, kochepa kangapo kuyerekeza ndi tsitsi limodzi. Ka mtundu wina, wa multimode, ndi 50. Kachitsotso kosaoneka ndi maso, kapena mafuta a pachala, n'zokwanira kutchinga kuwalako. Choipa kwambiri n'chakuti nsonga yakuda ikalumikizidwa ndi yoyera, kachitsotsoko kamakandikizidwa pakati pa magalasi awiri n'kusiya chipsera chosachoka. Ndiye dongosolo ndi ili: yang'anani ndi kamaikulosikopu kake, pukutani ndi chopukutira chake ngati yada, yang'ananinso, kenako lumikizani. Osapukuta pa malaya, osauzira ndi pakamwa. Ndipo musasuzumire m'nsonga ya fayiba kuti muone ngati ikuwala. Kuwala kwake diso silikuona, koma kukhoza kuliwononga. Fayiba imene ikugwira bwino, mphamvu ya kuwala imene swichi ikuonetsa ili chimodzimodzi ndi chaka chatha, sindiizula n'komwe.

Gawo lotopetsa kuposa onse ndi la malebulo, koma ndi limene limapulumutsa anthu tsiku la mavuto. Soketi iliyonse pakhoma iyenera kukhala ndi nambala yofanana ndi ya pa patch panel, ndi ya papepala. Pali malamulo ake, TIA-606, koma ngakhale njira yanuyanu ndi yabwino bola ikhale imodzi nyumba yonse: nsanjika, kabati, panel, port. Zolemba ndi cholembera pa tepi zimafufutika, tepiyo n'kumatuka ndi kutentha. Ndimagwiritsa ntchito makina osindikiza malebulo. Lebulo yabodza ndi yoipa kuposa kusowa kwa lebulo, chifukwa popanda lebulo munthu amafufuza kaye, koma yabodza amaikhulupirira n'kuzula chingwe cha makina olipirira makasitomala ali pamzere. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina pasoketi ndi kachipangizo kotumiza kulira m'chingwe, wina pakabati ndi kondodo komvera. Pepala lomaliza ndimasiya limodzi mkati mwa chitseko cha kabati, lina kwa abwana, lina pa kompyuta imene sidalira netiweki yomweyo kuti itseguke.

Zimene zimatsala pambuyo pa zonsezi ndi zingwe zamasiye, zopanda mwini mbali zonse. Kampani iliyonse imene inachitapo lendi m'nyumbamo inasiya zake m'siling'i, ndipo zimaunjikana mpaka thireyi kulemedwa, mpweya kusowa podutsa, ndiponso moto ukabuka pulasitiki yonseyo imasanduka utsi woipa. Ku United States, malamulo a zamagetsi a NEC kuyambira mu 2002 amafuna kuti zingwe zosiyidwa zimene munthu angazifikire zichotsedwe, pokhapokha zitaikidwa chizindikiro choti zidzagwiranso ntchito. Ngakhale kumene lamulo lotere kulibe, ine ndimachotsa, koma osati tsiku limene ndazipeza. Chingwe chooneka chakufa chikhoza kukhala cha alamu ya moto, cha foni ya mu lifiti, kapena cha makina amene amayatsidwa kumapeto kwa mwezi kokha. Ndimachitsata mpaka ndione nsonga zonse ziwiri ndi maso anga, ndimachizula pa panel, ndimachimangirira chizindikiro chofiira cholembedwa deti, n'kuchisiya kuti mwezi uthe ndi wina upitirire. Pakapanda wodandaula, ndimabwera Loweruka ndi pulayazi.